Loweruka

Tinakugula Loweruka pa msika wa ku Domwe,
dzina lako n'kukhala lomwelo.
Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano
ukuitanidwa dzina la kuweruka,
iwe wosawerukapo.

Kuno anthu adziwa ng'ombe ndi abulu.
Kavalo anali chachilendo:
ana ankatithamangira kudzakuona,
mutu m'mwamba, mchira ukusesa nkhungu.
Lero amangopatuka
monga apatukira wilibala.

Matumba khumi ndi awiri a kachewere,
chisanu cha Juni chisanachoke m'dambo,
poti lole ya ku Tete siyembekeza munthu.
Lamba wa teyala pachifuwa pako
anadya ubweya, anadya khungu,
ine n'kupakapo oilo wakuda
kuti ntchentche zisakondwe,
n'kumanganso pomwepo.

Lachinayi lija pa chikweza cha Lifidzi
unaima.
Ndinaliza mluzu. Ndinatukwana.
Ndinakweza mkwapulo kawiri, katatu,
ndisaname, kasanu.
Sunaponye mwendo, sunalire,
unangopinda maondo pang'onopang'ono
ngati mayi wa mtolo wa nkhuni
amene wasowa womutula.

M'diso mwako ndinaonamo kamunthu,
kakang'ono ngati nyemba,
katakweza mkono.
Ndinakadziwa.

Matumba ndinatsitsa ndekha, limodzilimodzi,
msana ukulira ngati chitseko chakale.
A Fulujensiyo anadutsa pa njinga yawo:
"Ngongole ya feteleza ubweza ndi chifundo?"
Sindinayankhe.
Lole tinaimva ikusintha magiya kuseri kwa phiri,
ikupita ndi mametikali athu.

Kunyumba Nasitaziya anawerenga pa zala:
makope a ana, sopo, chigayo.
Zala zinatha, zosowa zisanathe.
Kenako anatenga beseni lake losambira,
madzi ofunda, kamchere kotsala ka ndiwo,
nakutsuka bala.
"Tsiku limodzi siliwoza mbewa," anatero,
osandiyang'ana.

Lachisanu ndinati upume.
Gaga m'chidebe, chingwe ndamasula,
dambo lonse ndi lako.
Koma tambala woyamba atalira
ndinamva ziboda pabwalo.
Ndinatuluka, chofunda kumutu:
uli chiimire pakati pa mitengo iwiri ya ngolo,
wadzilowetsa wekha chafutambuyo,
mutu pansi, kudikira lamba.

Ndinakukankha. Unabwerera.
Ndinakukokera kumsipu. Unabwerera.
Anakuphunzitsa zimenezi ndani
ngati si ine?

Nanga ine ndinadzukiranji?
Katundu panalibe, ulendo panalibe,
koma nsapato ndinali nditavala kale,
dzanja likufufuza mkwapulo pa msomali.
Bambo anga anagwera pa mzere, khasu lili m'manja.
Pa maliro anthu anati anali mwamuna.
Palibe anati anali wotopa.

Tinaima choncho, awiri osadziwa kukhala,
mpaka dzuwa linakwera pa denga la khola.
Ndinakuzula nkhupakupa kuseri kwa khutu,
zonenepa kuposa iwe.

Ndiye masana, popanda wokuuza,
unapita pa katondo paja tinkaumba njerwa,
unanunkhiza, unazungulira kawiri,
n'kudzigwetsa,
miyendo inayi m'mwamba,
kugubuduka uku, kugubuduka uko,
fumbi kuti kobo!
Nasitaziya anaseka mpaka kugwira chipupa.
Ine ndinangoti kukamwa yasa.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyang'ana msana wako,
sindinkadziwa kuti kumimba uli ndi banga loyera
longa chikhatho cha mwana.

Mawa ndi tsiku la dzina lako.
Matumba ali pakhonde kwa a Kwanjana,
kachewere ayamba kutuluka maso,
ngongole nayo sigona tulo.
Sindikulonjeza zambiri, mnzanga,
Lolemba lilipo ndipo chikweza sichinasamuke.
Koma madzulo ano ndaitana anyamata awiri,
ngolo taigubuduza nayonso,
mateyala m'mwamba,
kuti ukadzuka mbandakucha kufuna polowa
upeze palibe.