Nsanjika Yachikhumi ndi Chiwiri

Chikepe chikundikweza ngati mtolo wa mafayilo,
ine Iolanda, mwana wa mayi wosita zovala ku Afogados,
nsapato zobwereka zikundiluma chidendene.
Pansipo mzinda wa Recife ukuwira,
mtsinje wa Capibaribe wasenza mabotolo ndi mitambo.

Makalata makumi anayi ndi asanu ndi awiri ndatumiza.
Onse ayankha ndi pakamwa pamodzi:
tikufuna wa zaka zitatu pa ntchito.
Kodi zakazo amagulitsa kuti,
ndikatenge ngakhale pangongole?
Chitseko chikufuna kiyi,
kiyiyo ali m'nyumba yokhomayo.

Bambo Valdomiro Quintas sakundiyang'ana.
Atembenuza pepala langa, kuseri kuli mbee.
"Digiri ya malamulo, chabwino. Munagwirapo kuti?"

Lilime lauma gwaa. Kenaka ndingomva likuyenda lokha:
Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi
pamene mwini nyumba anamata chikalata pachitseko,
masiku asanu tikhale titachoka.
Mayi sadziwa kuwerenga. Ndinawerenga ndine,
pansi pa babu lothimathima, katatu,
mpaka ndinapeza kuti deti lake n'lolakwika.
Tinakhalamo zaka zina zisanu ndi chimodzi.
Kuchokera apo mzere sunathe pakhomo pathu:
Dona Zuleide ndi penshoni ya malemu amuna awo,
Genival amene makina anamudya zala ziwiri
kampani n'kumupepesa ndi bokosi la mabisiketi.
Malipiro anga anali mazira, masiku ena zikomo chabe.

Zii. Makina oziziritsa mpweya okha akung'ung'udza.

"Genivalyo anapata zingati?"
Ndatchula. Nsidze imodzi yakwera.
Alemba nambala pakapepala kachikasu,
akakankha ndi chala chimodzi.
Miyezi itatu yoyeserera, akutero. Lolemba, eyiti koloko.

Ndikuwerenga maziro kawiri,
monga ndinkawerengera makalata a eni,
kufunafuna pomwe pabisala msampha.
Sindikuuona. Mwina ndidzauona Lolembalo.

M'basi yobwerera ndavula nsapato.
Kapepala kali m'kamisolo, kanyowa ndi thukuta.
Mayi ndikawapeza ataweramira malaya a anthu,
nthunzi ili tolotolo,
msana utapindika ngati chogwirira cha ambulera,
ndipo sindikudziwa ndikayambire pati:
pa nambalayi,
kapena ndikawauze kaye
kuti azimitse simbi, akhale pansi.