Kapepala ka Anisur

Pa kapepala kopukutira pakamwa
Anisur wa pa nyumba ya alendo anandilembera mizere itatu,
zilembo zake zolendewera pa chingwe ngati zovala zoyanika.
"Uzingowaonetsa aka," anatero.
"Ukatsegula pakamwa, mtengo ukwera."

Woyamba kukawerenga anali wa kagalimoto kobiriwira
ka matayala atatu, kotchinga ndi waya uku ndi uku.
Ananditsekera mkati ngati nkhuku yopita kumsika
n'kulowa nane pakati pa mabasi awiri
a zipsera m'nthiti monse.
Chala chake sichinachoke pa hutala.
Pa mphambano ina tinaima mpaka thukuta linauma n'kuyambanso,
kamtsikana kanandigulitsa madzi podutsitsa botolo pa mpata wa waya.

Pomwe misewu ya Dhaka wakale imapanikizana
ananditsitsa, n'kuloza ndi chibwano: apa sindidutsa.

Ndiye Mojibor, mkulu wa ndevu zopaka kufiira,
akatumba ake owonda ngati nzimbe,
rikisho yake yojambulidwa akambuku ndi maluwa kumbuyo.
Ndinachita manyazi kukhala pamwamba
munthu wa msinkhu wa bambo anga akupalasa.
Tcheni chitagwa pa kamtunda, ndinatsika n'kukankha,
ogulitsa nsalu anaseka mpaka kugwira m'mimba.
Titafika anatukula zala zinayi.
Makumi anayi? Mazana anayi?
Ndinamupatsa pepala la zana.
Anamasula mfundo ya nsalu ya m'chiuno
n'kundiwerengera chenje m'manja, pang'onopang'ono,
ngati akuphunzitsa mwana.

Pa doko la Sadarghat sitima zinandanda, mphuno kumtunda,
iliyonse yosanjikiza katatu,
anyamata akukuwa Barisal, Barisal, mpaka mawu kusasa.
Zipinda zinali zitatha.
Tikiti yanga inali ya pansi pa chitsulo,
pomwe banja lililonse layala nsalu yake,
malire ake nsapato ndi zikwama.
Ndinaima ndi katundu wanga, wopanda dziko.

Mayi wina anakoka nsalu yake, n'kusiya mpata wa mikono iwiri.
Anadziloza pachifuwa: Shefali.
Anandipatsa mpunga wotupa ngati mbuliwuli,
wa tsabola ndi anyezi, wokulunga m'nyuzipepala.
Misozi inatuluka. Iye anati ndi tsabolayo,
ine sindinatsutse.

Usiku wonse injini inkalankhulira mumsana mwanga.
Nyali yaikulu inkasesa mtsinje,
kupeza kabwato, munthu m'modzi ndi ukonde, kumutayanso mumdima.
Phazi la mwana wake linagona pa khutu langa.
Sindinalisunthe.

M'bandakucha chifunga chili mbuu,
mzikiti wosaoneka ukuitana kutsidya,
ndinamuonetsa mzere wachitatu.
Anatembenuza kapepalako, pakuti ndinakagwira chadodolido,
anaseka ataphimba pakamwa ndi mpango,
n'kuitana Tuhin, mwana wa mlongo wake,
yemwe ankadikira pa doko ndi kangolo ka batire.

Sitinatsanzikane bwino. Khamu linamumeza,
mwana pa phewa, mphika wokulunga m'nsalu kumanja.

Tuhin anandikhazika pakati pa matumba a anyezi
ndi nkhalamba yonyamula bakha.
Mzere wachitatuwo sindikudziwabe kuti umati chiyani.
Kapepala kafewa, kada ndi zala za anthu anayi,
inki yayenderera pa dzina la mudzi.
Iye wakayang'ana kamodzi, wagwedeza mutu,
wakhotera kumanzere, m'kanjira ka njerwa pakati pa minda ya mpunga.