Kwathu Kumacha Pakati pa Usiku

Kuno ku Mabvuku tambala anachotsedwa ntchito.
Imatidzutsa ndi filiji.
Ikangotsokomola pakati pa usiku
tonse timadziwa kuti magetsi abwera.
Babu la pakhonde, lomwe timalisiya dala loyatsa,
limaphethira kawiri,
ana a kwa Mayi Chikuse n'kukuwa ngati wina wagoletsa chigoli.

Ndimadzambatuka, chitenje m'manja,
kufufuza matchaja kunsi kwa bedi.
Foni yanga, foni ya Tinotenda, tochi, kawailesi,
ndi batire la mnansi amene ali ku ulonda,
zonse pa soketi imodzi
ngati tiana ta nkhumba pa mawere.
Kenako simbi. Kenako makina osokera.
Mayunifolomu khumi ndi awiri akufunika Lolemba,
ndiye m'mawa wanga ndi umenewu,
nthawi ya afiti, ine ndikupinda mipendero.

Masana sindifunsanso kuti nthawi ili bwanji.
Ndimafunsa kuti moto watsala wochuluka bwanji.
Sikisite ndiye kuti dzuwa likadali lanthete.
Sate, ndiyambe kuyankha anthu mwachidule.
Ikafiira ndiye kuti kwada,
ngakhale panja nkhuku zikupalasabe.

Dzana ku Mbare ndinaima ndi matimati m'manja,
ndalama zili m'foni, netiweki yapita kokayenda.
Wogulitsa anandiyang'ana, nane ndinamuyang'ana,
kagudumu kakuzungulira pagalasi
osafika kulikonse.
Mphindi zitatu zokha, ndinaziwerenga,
koma ndinachokapo nditamera imvi.

Bambo anga a Lufeyo anafika kuno kuchokera ku Dedza
ndi bulangete limodzi ndi adiresi ya mwana wa mnzawo.
Ankalemba kalata mvula ikuyamba,
yankho n'kudzafika chimanga chitamasula.
Uthenga wa imfa ya mlongo wawo unawapeza
pamanda patamera kale udzu.
Anakhala pa sitepe yomweyi, anawerenga kawiri,
anaipinda bwinobwino kalatayo,
ndipo analira tsiku lathunthu popanda wowadula.

Ine maliro a msuweni wanga Esinala
ndinawaonera m'manja, mu kombi, pa msewu wa ku Mutare.
Bokosi likutsika, chithunzi chikudukaduka,
kondakitala akundikodola za chenje.
Pamwamba pa nyimbo ya amayi a Mvano
panagwa uthenga: bandulo yanu yatsala pang'ono kutha.
Ndinazimitsa. Ndinati ndikalira ndikafika.
Nditafika ndinapeza madzi abwera pampopi
atasowa masiku asanu ndi anayi,
misozi n'kuima pamzere kumbuyo kwa zigubu.
Mpaka lero sinafike kutsogolo.

Wotchi imene anawapatsa ku fakitale ya simenti
ili m'kabati, pakati pa mabatani ndi malisiti akale.
Inaima itangopitirira teni koloko,
kaya ya usana, kaya ya usiku, kaya ya chaka chiti.
Tinotenda anaitembenuza uku ndi uku
kufuna pobayira tchaja.
Ndinamusonyeza kopotokola.
Anapotokola, anaiika kukhutu, anakhala phee,
kenako anati, Amayi, iyi imayenda wapansi.

Sindikunena kuti kale kunali bwino.
Foni yomweyi ndiyo imandiitanira makasitomala,
ndiyo inandiuza kuti Esinala akudwala
ndikadali ndi mpata womva mawu ake.
Kungoti masiku anga akubwera odulidwadulidwa
ngati zigamba za pansi pa tebulo,
ndipo sindipeza ulusi wautali wozilumikizira.

Tsopano ili pafupi folo koloko.
Singano yaima pakati pa kolala,
filiji yameza mawu ake,
mdima wabwerera pamalo pake ngati mwininyumba.
Malaya asanu ndi awiri atha, asanu atsala.
Foni yafika pa eyite.
Kutali, kombi yoyamba ikuitana a m'tauni,
ndipo penapake kuseri kwa mpanda
tambala uja akulirabe,
palibe amene anamuuza.
Ndikupita kukagona, kunja kukucha.