Magazi Saiwala

Lachiwiri mumzinda wa Columbus, chisanu chikukanda mazenera.
Bambo Tek Bahadur Subba akhala pampando wa odwala,
chipewa chili pabondo, nsapato zikudontha.
Mdzukulu wawo Sarmila wajomba kusukulu
kuti akhale pakamwa pawo lero.

Ndifunsa: khadi la katemera lili kuti?
Funso langa liwoloka chipinda, lisintha chinenero,
libwerera likununkha utsi.
Linapsa kumsasa wa othawa kwawo,
usiku umene moto unanyambita nyumba za nsungwi mzere wonse.
Anatuluka ndi mwana paphewa, ketulo m'manja.
Za pepala anakumbukira kutacha.

Kenaka avula jekete, avula juzi, apinda malaya,
andilozera chipsera pamkono,
chozungulira, chonga pamene chala chinadinda dongo.
Akuti umboni ndi umenewu.
Ine nditembenuza fomu ya boma, tsamba ndi tsamba,
timabokosi tofuna tsiku, mwezi, chaka.
Bokosi la chipsera mulibe.
Boma siliwerenga khungu.

Ndiye tifunse magazi, nditero.
Ndimanga lamba, ndisisita mtsempha mpaka udzuke,
timabotolo titatu tidzaza mwakachetechete.
Iwo ayang'ana kudenga
kumene tinamata chithunzi cha nsomba kuti ana asalire.

Lachisanu abweranso, basi yawachedwetsa.
Ndili ndi pepala la kulabotale, ndikumwetulira ngati ndawina mpikisano.
Nkhani yabwino, bambo: chikuku thupi lanu likuchidziwa kale,
singano imodzi yachepa.

Sarmila amasulira.
Mkuluyo akhala duu.
Kenaka alankhula, nthawi yaitali, motsitsa,
ndipo mtsikanayo aiwala ntchito yake,
angoyang'ana agogo ake ngati akuwaona koyamba.
Ndidikira. Firiji ya mankhwala ikung'ung'udza pakona.

Akuti chinawagwira awiri, atero potsiriza,
iwo ndi mlongo wawo Phulmaya,
mkeka umodzi, bulangete limodzi, kuphiri kwawo.
Iwo anadzuka.

Basi, mawu athera pomwepo.

Cholembera chili m'dzanja langa.
Zaka makumi asanu ndi kanai magazi asunga nkhaniyi
osauza munthu,
lero aiulula kwa makina a ku Ohio,
ndipo ine ndiyenera kuifinya ikwane m'kabokosi
kochepa kuposa chikhadabo changa.
Ndichonga. Inki iuma msanga.

Zotsala n'zopepuka:
wa kafumbata kumanzere,
wa chimfine kumanja, poti nyengo yake ndi ino.
Sathyola nkhope n'komwe.
Angofunsa ngati mkono ulola kunyamula makatoni
kuntchito usiku uno,
chifukwa kapitawo sadziwa za katemera.

Dokotala Whitlock asaina, adinda,
amata envulopu, adindanso pamsoko.
Musatsegule, ndiwachenjeza, ikang'ambika sailandira.
Aitembenuza uku ndi uku, aseka pang'ono:
thupi ndi langa, koma kalata yake ndi ya eni?
Ndiwapatsa kope lawo, lotsegula.
Envulopu ailowetsa mkati mwa malaya, pakhungu penipeni,
juzi pamwamba, jekete pamwamba.
Kope apatsa Sarmila.
Mawu amene anena sanandimasulire,
koma ndaona chala chikuloza chitofu chongoganizira,
mutu ukupukusa.

Atatuluka nditsuka m'manja nthawi yaitali kuposa mwa lamulo.
Khadi langa lili m'kabati ya amayi ku Dayton,
m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi dzino langa loyamba kuguluka,
tsiku lililonse lolembedwa bwino ndi inki yabuluu.
Sindinalifunepo.
Sindinawoloke malire alionse ofuna kuti ndivule malaya.

Pamzere patsala anthu asanu ndi mmodzi.
Mayi wina wafumbata kapepala kachikasu m'pulasitiki
ngati dzira.
Nditenga fomu ina yoyera,
ndiyeseza dzina lake kawiri chamumtima
kuti ndisalithyole poitana.