Chipata cha a Hrivnak

Failo nambala 214 ndinaisiya pa shelefu yachitatu
tsiku limene ndinapuma pa ntchito.
Iyo sinandisiye.

Anali asanu.
Vendelin Hrivnak, woweta nkhosa, pakhomo la khola,
nsapato imodzi kuphazi.
Mkazi wake Ludmila pafupi ndi mbaula, ufa m'zikhadabo.
Mayi Apolonia pampando wawo,
ngati angowodzera pakati pa korona.
Matej, wa zaka khumi ndi zinayi, pamasitepe.
Za Dorota sindinena.
Ndinena za kope lake la masamu:
7 kuchulukitsa ndi 8,
kenako mzere wa pensulo
wotsetsereka mpaka kunja kwa tsamba.

Anafa Lolemba, ife tinafika Lachinayi.
Masiku atatu chipale chofewa chinagwa kuchokera kumapiri a Tatra
n'kuyala nsalu yoyera pabwalo ponse.
Mboni yathu yoyamba inasungunuka tili chiyang'anire.

Wailesi tinaipeza ikunenabe zanyengo.
Buledi mu uvuni anali khala.
Ndalama m'chitini cha khofi zinali zonse,
osasowapo ngakhale kakobiri.

Tinafunsa anthu mazana anayi ndi khumi ndi awiri.
Wansembe anati banja linali lamtendere.
Wogulitsa mowa anati Vendelin analibe ngongole.
Mlamu wake analira mpaka kukomoka,
tinamusunga masiku asanu ndi anayi
chifukwa cha kulirako,
kenako tinamumasula chifukwa cha kulira komweko.
Wodula mitengo wina wa ku Poland tinamutsata mpaka kumalire,
tinapeza kuti sabata imeneyo anali m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha.

Mabwana a ku Bratislava anabwera ndi agalu awo,
anadya, anajambula, anapita.
Patatha zaka anatumiza kalata:
tsitsi lopezeka m'dzanja la Matej
silifanana ndi la munthu aliyense m'makina awo.
Tsitsi lopanda mutu.

Koma pali kanthu komwe sindinalembe bwino mu lipoti.
Chipata.
Tinachipeza chotseka, chokowekedwa.
Chipata chija chinali chopendama;
kuti chitsekeke umayenera kuchinyamula pang'ono
n'kuchikankha ndi bondo.
Ine, mlendo, ndinalimbana nacho kanayi.
Wapositi anachitseka kamodzi, osayang'ana n'komwe.
Mwana wa aneba chimodzimodzi.
Mudzi wonse unkachidziwa chipatacho.

Ndiye munthu uja, atamaliza,
anatuluka, ananyamula, anakankha ndi bondo,
kuti nkhosa zisathawe.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tsopano.
Nyumba anaigwetsa, pamera lunguzi.
Mwezi wa Febuluwale uliwonse ndimakwera basi ya m'mawa
kukakhala kumbuyo pa Misa yawo.
Amandipatsa moni: Bambo Kovalik, mwabweranso.
Amandithirira tiyi.
Ndimayang'ana manja awo, akalamba ngati anga,
mitu yayera, ina yatha tsitsi.
Chaka chino tinatsala khumi ndi atatu m'tchalitchi.

Mwina ndinamugwira kale chanza.
Mwina ndinaponya nawo dothi pabokosi lake
ndi chipewa m'manja.

Usiku, tulo tikakana,
ndimatenga pensulo pa tebulo langa
n'kulemba pakona pa nyuzipepala: 56.
Ndi yankho lokhalo
limene ndinapeza m'nyumba ija.