Nsambo Yachisanu ndi Chiwiri

Ku Valparaíso, pamwamba pa chitunda,
m'chipinda choyang'ana makontena a padoko,
ndatha masiku atatu ndikuliza gitala
amene sanasemedwepo ndi mmisiri aliyense.
Amakhala m'kompyuta.
Ndimamuikira timabokosi pamizere,
kabokosi kamodzi, liwu limodzi,
ndipo salakwa, satopa, satuluka matuza.

Ndi kanyimbo kotsatsira sopo. Akukafuna Lachisanu.

Don Eleodoro wa m'chipinda chapansi
anakwera kudzapempha machesi.
Dzanja lake lamanzere linafa kalekale,
amayenda nalo m'thumba la jekete
ngati kalata imene anaiwala kuponya.
Paunyamata ankaliza gitala m'mabala a amalinyero
mpaka mbandakucha,
malipiro ake vinyo ndi nsomba yokazinga.

Anamvetsera ali chiimire pakhomo.
"Uyutu ndi piyano," anatero,
"wangobwereka malaya a gitala."

Anasendeza mphuno pasikirini, nkuyamba kuwerenga.
"Apa mawu asanu ndi awiri akulira pamodzi.
Nsambo zilipo zisanu ndi imodzi, Maite.
Yachisanu ndi chiwiriyo waigula kuti?"
Ndinafufuta.
"Apa chala chili kumutu, china kumimba kwa gitala.
Woimba wakoyu ali ndi dzanja la nkhanu?"
Ndinafufutanso.
"Awiriwa akukhala pansambo imodzi.
Nsambo siyankhula pawiri.
Wachiwiri akalowa, woyamba afe."

Kunja chikepe chakale chinkakwera phiri chikudandaula,
agalu akukangana pamasitepe.

Kenako anatulutsa dzanja lakufalo,
naligoneka pachifuwa chopingasa,
lamanja nkulikwapula pang'onopang'ono kuchokera pamwamba.
"Ona. Chala chimayamba kupeza nsambo yonenepa,
yowonda imadikira nthawi yake.
Safika onse pamodzi ngati asilikali.
Amafika ngati ana a banja limodzi pakhomo la tchalitchi,
wina akumanga nsapato.
Pobwerera, wowondayo ndiye amatsogola,
ndipo onenepa awiri nthawi zambiri sumawapeza."

Ndinagwira timabokosi tanga timene tinaima mowongoka,
nkutisuntha kamodzikamodzi,
aka patsogolo ngati utali wa tsitsi,
aka m'mbuyo.
Ena ndinawachepetsa mphamvu.
Amodzi ndinakatsamwitsa dala,
ngati chala chafika mochedwa nkungogunda waya.
Usiku wonse ndinakhala ndikuphunzitsa makina kulephera,
ntchito yovuta kuposa kuwaphunzitsa kukhoza.

Cha m'ma thuu koloko anati, "Pakusowabe kanthu."
Anatseka maso, nakokera mpweya m'mano: tswii.
"Dzanja likamasamuka, khungu limakhula waya.
Mkazi wanga Fresia ankadana nako kaphokosoko.
Ankati ndikupha mbewa.
Atamwalira ndinapeza kaseti m'kabati mwake,
malo amenewo tepi itaperepeseka ndi kubwereza."

Ndinakafuna m'mafayilo mpaka ndinakapeza,
kakulira kosakwana sekondi,
nkukaika pakati pa mawu awiri,
pamene munthu akadanyamula dzanja.

Titaliza, sanayankhule.
Koma pachifuwa paja, ndikulumbira,
chala chimodzi cha dzanja lakufa chinagwedezeka,
kapena ndi tebulo limene ndinagunda ndi bondo.

Lachisanu a sopo anayankha mwachidule:
yakoma, koma pasekondi ya naintini pali litsiro,
chotsanipo.
Ndinachotsa. Lendi sadikira.

Yalitsiroyo ndinasunga.
Madzulo ena ndimagoneka sipika chafufumimba pansi
kuti idutse m'matabwa,
ndipo kuchokera m'chipinda chapansi
mtengo wa tsache umagogoda denga motsatira,
gu, gu, gu-gu,
kuchedwa pang'ono, nthawi zonse kuchedwa pang'ono.
Ndayesapo kuyeza kuchedwako kuti ndikulembe m'mizere.
Sikufanana kawiri.

Machesi aja ali pompano, pafupi ndi kiyibodi.
Sanabwere kudzawatenga.