Dontho Lililonse Lili ndi Mtengo Wake

Zaka zinayi ndinkamata mapepala pa zimbale ndi chala
m'garaja yozizira, kuseri kwa nyumba ya lendi ku Leicester,
nkhope za oimba kwaya zikutuluka zopendama ngati alawako.
Nasibeko anati: Gulani makina, bambo,
msana wanuwo si wa boma.

Tinakwera sitima mpaka ku Coventry.
A Pritchard, tayi yofiira, manja osadziwa khasu,
anatiimika pakati pa makina awiri.
Ang'onowo, mtengo wake womwetulira.
Ndinali nditagwira kale chikwama
pamene Nasibeko anandiponda phazi:
Afunseni, amamwa bwanji?

A Pritchard anayang'ana kudenga.
Chikomekome cha mkuyu!
Kabotolo ka inki kotalika ngati chala changa
kakudula kuposa nsapato za mwana,
mitundu yonse yomangidwa nyumba imodzi,
wachikasu akatha, onse apite kudzala.

Tinatenga aakuluwo, a matanki asanu ndi limodzi,
pa ngongole ya miyezi makumi atatu.
Pobwerera sitinalankhulane.
Mvula yokha ndiyo inkalemba pa zenera, yaulere.

Koma dzanja lake lija!
Limatsika, kutola chimbale chimodzi, osati ziwiri,
kuchigoneka, kudikira, kuchinyamula chitavala nkhope.
Zana lonse, ine ndikumwa tiyi.
Usiku woyamba ndinakhala pa ndowa mpaka tambala wa m'foni,
kungoonerera wantchito wosapempha tchuthi.

Kenaka ndinaphunzira masamu.
Kope la buluu, pensulo yomangira chingwe:
chimbale choyera cha mawu okhaokha, mapeni anayi;
chithunzi chodzaza mpaka m'mphepete, khumi ndi asanu ndi awiri.
Abusa Kalilangwe akufuna thambo lonse kumbuyo kwawo,
mitambo, nkhunda, ndi suti yakuda bii.
Ndimati: Abusa, kuyera n'kwaumulungu,
tisiyeko malo oti Mzimu apumirepo.
Amaseka. Amadziwa kuti ndikuwerenga madontho.

Ndipo makinawa amadzuka okha pakati pa usiku
kutsuka kukhosi kwawo ndi inki yanga.
Ndimawamva ndili m'bulangete, gu-gu-gu,
mlendo wotsukuluza m'kamwa ndi mafuta ophikira.
Ukawazimitsa, amauma mphuno.
Ukawasiya, amamwa.

Mwezi wa Febuluwale ndinachenjera.
Ndinaitanitsa inki yopanda dzina, theka la mtengo,
yofika m'katoni yopanda adiresi yobwezera.
Sabata yomweyo anamwalira mayi Nankwenya a ku Evington,
aja ankasunga ana athu ife tili pa shifiti.
Ana awo anabweretsa nyimbo zimene ankakonda
ndi chithunzi chimodzi, chokhacho, cha duku lofiirira.
Zimbale makumi asanu ndi limodzi, mwambo Loweruka.

Dzanja lija linatola, linagoneka, linanyamula.
Mayi Nankwenya anatuluka obiriwira ngati nkhwani.
Wachiwiri chimodzimodzi. Wachikhumi ali ndi mizere pamphumi.
Makina sadziwa maliro; anapitiriza.

Inki ikatayika siwoleka.
Ndinatsuka mapaipi onse usiku umenewo, zala zikuuma,
m'mawa ndinagogoda kwa a Pritchard asanavule jekete,
ndinalipira osafunsa, osatsegula kope.
Ndinapatsa mayiwo khungu lawo lenileni,
kuderako kwa pansi pa maso, kuwala kwa patsaya,
duku lonse mpaka m'mphepete,
madontho onse amene nkhope yawo inafuna.

Mwana wanga Tiferanji amati: Adadi,
ndani akuikabe chimbale m'wailesi masiku ano?
Sindimuyankha.
Loweruka lija ndinaona bambo wina pa khomo la tchalitchi,
alibe n'choimbira chomwe, ndikudziwa,
akupukuta chimbale ndi mkono wa malaya
n'kuchilowetsa m'thumba la pamtima.

Ngongole yatsala miyezi khumi ndi umodzi.
Wachikasu watsikanso.
Sindikumbuka kuti ndinasindikiza dzuwa liti
m'dziko lino.